Jakisoni si mfumu ya mankhwala

Ku Mandimba, ku Ngauma ngakhale ku Cuamba m'dziko la Mozambique, wodwala akabwerako kuchipatala ndi mapiritsi okha, ena pakhomo amang'ung'udza kuti sanamuthandize mokwanira. Kwa iwo mankhwala enieni ndi obaya. Maganizowa ndi olakwika, pakuti mphamvu ili m'mankhwalawo, pomwe njira yowalowetsera m'thupi imasankhidwa poona mmene wodwalayo alili.

Malungo akuonetsa bwino zimenezi. Amene akutha kumeza amapatsidwa Coartem, amene kutsidya kwa malire ku Chiponde amati LA, kuti amwe kawiri pa tsiku kwa masiku 3. Piritsi limasungunuka m'mimba, mankhwala n'kulowa m'magazi kudzera m'matumbo, ndipo amalowa bwino munthu akadya zamafuta, kaya phala lotendera nsinjiro kaya mkaka wa m'mawere. Koma mwana akamasanza chilichonse, akamakomoka, kapena akalefuka mpaka kukanika kuyamwa, njira ya pakamwa yatsekeka. Apa ndiye pofunika artesunate wa mumtsempha. Kafukufuku wa AQUAMAT wa 2010, amene anachitikiranso ku Beira, anapeza kuti mankhwalawa amachepetsa imfa za ana ndi 22.5 peresenti poyerekeza ndi kwinini. Komabe mwana yemweyo akangotsitsimuka n'kuyamba kumeza, amamubwezera ku mapiritsi kuti amalize tizilombo totsala. Jakisoni akanakhala wokwanira payekha, adokotala sakanavutika kutero.

Nanga mwana wa kumudzi wakutali ndi Massangulo, m'dzinja msewu uli matope okhaokha? Kwa ana osakwana zaka 6, bungwe la WHO limavomereza kambulu ka artesunate kolowetsa kumatako, komwe mitsempha ya magazi imayamwa mankhwala ngakhale mwana ali chikomokere. Wazaumoyo wa m'mudzi akaphunzitsidwa angathe kukalowetsa popanda singano. Makolo ena amaona ngati nzochititsa manyazi, koma choopsa chenicheni chili pena: mwana akapezako bwino, ulendo wa kuchipatala umalekekera panjira. Kambuluko sikachiza malungo, kamangomugwiriziza mwana kuti akafike kumene kuli jakisoni ndi mapiritsi.

Okonda kubayitsa amati jakisoni amagwira msanga. Nzoona, makamaka wa mumtsempha, ndipo mankhwala ena monga insulini sangamwedwe chifukwa m'mimba amagayika ngati chakudya. Koma liwiro limenelo n'lofunika kwa amene moyo wake uli pachiswe, osati aliyense wa mutu ndi kuphwanya m'thupi. Singano imaboola khungu, lomwe ndi mpanda wotchinga matenda. Wobaya wa pamsika akaphonya malo, amasiya chithupsa cha mafinya kapena kuvulaza mtsempha wa mwendo, mwana n'kuyamba kutsimphina. Akaibwereza singano imodzi pa anthu angapo, HIV ndi matenda a chiwindi a hepatitis B amadutsira pomwepo.