Ndalama za khonsolo ndi luso la m'malokeshoni a Bulawayo

Anthu a ku Bulawayo amanyadira kuti mzinda wawo ndi likulu la zaluso m'dziko la Zimbabwe, ndipo ali ndi pogwira. Woyimba Dorothy Masuka anabadwira komweko mu 1935. Nyimbo ya Skokiaan, yomwe anapeka August Musarurwa mpaka Louis Armstrong nayenso kuijambula mu 1954, inachokera komweko. Magulu a Amakhosi, Black Umfolosi, Siyaya ndi IYASA, amene aonetsa zisudzo ndi magule m'mayiko ambiri, anakulira m'malokeshoni a mzindawu. Ena amati luso limeneli lili m'magazi a anthu ake. Koma ana aluso amabadwa paliponse, ku Ndirande, ku Matero ngakhale ku Moatize. Chimene chinasiyanitsa Bulawayo n'chakuti kwa zaka zambiri khonsolo yake inkaika ndalama m'maholo, m'malo a achinyamata ndi m'malipiro a aphunzitsi a zaluso. Mbiri imeneyi ikusonyeza kuti thandizo la khonsolo limapindula likakhala lapafupi ndi anthu komanso lobwera chaka ndi chaka, ngakhale litachepa.

Ndalamazo zinkachokera ku mowa. Potsatira njira imene inayambira ku Durban, makhonsolo a nthawi ya atsamunda anadzipatsa okha mphamvu yofulula ndi kugulitsa mowa wamasese m'malokeshoni, ndipo phindu lake linkayenera kugwira ntchito zosamalira anthu akuda. Ku Bulawayo mowawo unali wa Ingwebu, wofululidwa ndi khonsolo n'kumagulitsidwa m'malo ngati Big Bhawa ndi MaDlodlo. Dr Hugh Ashton, amene anayamba kuyang'anira nkhani za anthu akuda mumzindawu mu 1949, anatchuka pogwiritsa ntchito phindu limeneli pomanga nyumba, malaibulale, mabwalo a masewera ndi malo osonkhanira achinyamata. Wantchito wa kufakitale akagula chikho cha masese Loweruka masana, kagawo ka ndalama yake kankakalipira magetsi a holo imene mwana wake ankaphunziramo kuvina.

Chipatso chooneka bwino cha ndondomekoyi ndi sukulu ya Mzilikazi Art and Craft Centre, yomwe khonsolo inatsegula mu 1963. Achinyamata amene analibe mwayi wopitiriza maphunziro ankaphunzira kuumba mbale ndi makapu, kuziotcha mu uvuni, kujambula ndi kusema, ndipo zoumba zawo zinkagulitsidwa mpaka kunja kwa mzinda. Adam Madebe, katswiri wopanga ziboliboli zachitsulo, anadutsa pomwepo. Ku Makokoba, lokeshoni yakale kwambiri mumzindawu, kuli Stanley Hall, yomangidwa m'zaka za m'ma 1930. Cont Mhlanga ndi anzake anayamba ngati kagulu kophunzira karate chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, n'kusanduka gulu la zisudzo la Amakhosi, ndipo maholo a m'Makokoba ngati ameneyu ndiwo anali kwawo. Palibe khansala amene akanalosera kuti anyamata omenya karate adzasintha zisudzo za dziko lonse. Khonsolo sinasankhe opambana. Inangoonetsetsa kuti pali denga, pansi pa simenti ndi nyale yoyaka, ndipo aliyense wofuna anali kulowa.

Lero zinthu zinasintha. Mafakitale ambiri amene ankachititsa Bulawayo kukhala phata la ntchito anatsekedwa kapena kusamuka, ndalama ya Zimbabwe inatheratu mphamvu mu 2008, ndipo mu 2013, chisankho chitayandikira, boma linalamula makhonsolo onse kufafaniza ngongole za misonkho ndi madzi zimene anthu anali nazo. Malo ambiri omwera mowa anabwereketsedwa kwa amalonda, ndipo holo imene kale inali ya ana a m'dera tsopano imayenera kudzipezera ndalama ya lendi, zomwe zimakomera maukwati ndi mipingo kuposa kagulu ka zisudzo kopanda kanthu m'thumba. Sikuti khonsolo yaiwala zaluso. Mu 2019 inakhazikitsa 1 June kukhala Bulawayo Day, pokumbukira tsiku la mu 1894 limene malowa anatchedwa tauni, ndipo kuyambira mu 2020 tsikuli limatsatana ndi chikondwerero cha Bulawayo Arts Festival. Nzabwino ndithu, koma chikondwerero chimaonetsa anthu amene anaphunzira kale. Masiku ochepa a mu June sangaphunzitse mwana wa m'lokeshoni ya Njube kugwira gitala. Chimene iye akusowa ndi chipinda chotsegula Lachiwiri lililonse madzulo komanso munthu wolipidwa woti amuwongolere zala.

Wina anena kuti mzinda wopanda madzi usamakambe za ng'oma, ndipo mawu amenewa ndi olemera. Bulawayo imadalira madamu a kum'mwera monga Insiza, Umzingwane, Inyankuni ndi Ncema, omwe amaphwa chilala chikagwa, pamene ganizo lobweretsa madzi kuchokera ku Zambezi lakhala likukambidwa kuyambira mu 1912. Mu 2020 mipopi inkatsekedwa maola 144 pa sabata, ndipo matenda otsegula m'mimba anapha anthu m'lokeshoni ya Luveve. Palibe munthu wanzeru amene angaike gule patsogolo pa mpopi. Komabe kuika awiriwa pa sikelo imodzi n'kusokoneza masamu. Damu ndi mapaipi zimafuna mamiliyoni ambirimbiri a madola, ndalama zimene khonsolo singazikwanitse popanda boma lalikulu. Kukonza denga la holo, kugula ng'oma ndi kulipira mphunzitsi n'kachigawo kakang'ono kwambiri ka zimenezo. Kutseka kalasi ya zoumba sikungawonjezere ngakhale ndowa imodzi m'damu. Chimene kumawonjezera ndi chiwerengero cha achinyamata ongokhala pamphambano, mumzinda umene makolo ambiri anatsikira ku Johannesburg ndipo atsogoleri akudandaula za mankhwala ozunguza bongo.

Chitsutso chachiwiri n'chakuthwa kuposa pamenepo: ndalama za boma zimabwera ndi chingwe. Ndondomeko ya mowa ija sinali chifundo chokha. Atsamunda ankafuna kuti anthu akuda azilipira okha zosowa zawo kuchokera m'matumba awo osauka, amayi ofulula mowa m'makomo ankathamangitsidwa ndi apolisi, ndipo maholo ankathandizanso kuti antchito akhale phee. Ufulu utabwera mu 1980, chingwecho sichinaduke. Chiboliboli cha Madebe cha mwamuna wosavala chinachotsedwa pamalo a khonsolo m'zaka za m'ma 1980 akuluakulu atakhumudwa nacho. Sewero la Mhlanga la Workshop Negative la mu 1986 linakumana ndi mkwiyo wa olamulira, ndipo mu 2007 apolisi analetsa sewero lake lina la The Good President. Zonsezi n'zoona. Koma tikaziyang'anitsitsa tiona kuti andale amaluma pamene akusankha ntchito imodziimodzi, sewero ili kapena chithunzi icho. Pamene ndalama yapita ku nyumba ndi kwa aphunzitsi, dzanja lawo limafupika, n'chifukwa chake Makokoba yemweyo wa maholo a atsamunda anatulutsa andale omenyera ufulu ndi alembi osaopa. Mankhwala a vutoli ndi malamulo olembedwa bwino a kagawidwe, komanso kuti osankha asakhale makhansala okha.

Enanso amati ntchitoyi isiyidwe kwa mabungwe akunja ndi makampani, poti ndiwo ali ndi ndalama. N'zoona kuti achita zambiri: bungwe la Culture Fund of Zimbabwe Trust, lokhazikitsidwa mu 2006 ndi thandizo la dziko la Sweden, lagwira aluso ambiri dzanja, chikondwerero cha Intwasa chakhala chikuchitika kuyambira mu 2005 modalira othandiza, ndipo mphotho za Bulawayo Arts Awards, zoyamba mu 2017, zatsamira pa makampani. Koma mlendo ndi mame. Pulojekiti imatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, mutu wake umasankhidwa ku Stockholm kapena ku Brussels, ndipo amene amapambana ndi odziwa kulemba kalata yopempha m'Chingerezi chosalala, ali ndi akaunti ku banki. Apa nkhaniyi ikutikhudza ife olankhula Chichewa. Agogo ambiri ochokera ku Nyasaland ndi ku Chipata anakagwira ntchito ku njanji ndi m'mafakitale a Bulawayo, nakhazikika m'malokeshoni ngati Sizinda, ndipo zidzukulu zawo m'madera ambiri a Zimbabwe zimavinabe Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005. Malamulo aakulu a Zimbabwe a mu 2013 amatchula Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka. Koma mkulu wa dambwe sangalembe pempho la masamba makumi awiri. Ofesi yokhayo imene angafikeko wapansi, n'kulankhula ndi munthu womudziwa, ndi ya khonsolo.

Choyenera kuchitika si chozizwitsa. Gawo 301 la malamulo omwewo limati ndalama zosachepera 5 peresenti ya zimene boma latolera pa chaka zizipita ku zigawo ndi ku makhonsolo, ndipo ngakhale ndalamazi zimabwera mochedwa, khonsolo ili ndi misonkho yake, malo ake ndi nyumba zake. Ikhoza kupatula kagawo kodziwika m'bajeti ya chaka chilichonse, kukagawa m'mawodi onse 29, kulandira mapempho a tsamba limodzi m'Chindebele, m'Chishona kapena m'Chichewa, ndi kumata pakhoma la holo mayina a olandira ndi ndalama zimene alandira. Ikhozanso kusunga maola ena a holo iliyonse kuti akhale aulere kwa magulu a m'dera, thandizo limene silitulutsa khobidi m'thumba. David Coltart, amene anasankhidwa kukhala meya mu 2023, anakhalapo nduna yoona za maphunziro, masewera ndi zaluso kuyambira 2009 mpaka 2013, choncho nkhaniyi si yachilendo ku City Hall. Makhonsolo a Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Chipata nawonso ali ndi maholo awo, ndipo pamsonkhano wa bajeti, okhometsedwa msonkho ali ndi ufulu wofunsa kuti holo ya m'dera lawo imatsegukira ana masiku angati pa sabata.