Achemwali anataya mopu, lero ndi anamwino

Inu amene munawadziwa achemwali anga kale ku Nathenje, mukakumana nawo lero musawafunse za ndowa. Ndowa ija anasiyira ena. Masiku ano akamalowa pageti la chipatala, mlonda amadzuka pampando, ndipo ife abale awo timayenda pambuyo pawo mapewa ali m'mwamba ngati mayeso a unamwino tinalemba ndife.

Ntchito yawo inali yokolopa pachipatala china kufupi ndi msewu wa M1. Ankafika kusanache, kumanga chitenje pamwamba pa yunifolomu, kuthira jiki m'madzi, n'kuyambira pakhonde mpaka kuchipinda cha amayi oyembekezera. Zala zinachita kusupuka ndi mankhwala. Dzina lawo panalibe wolidziwa. Odwala ankangoti "amayi okolopa", ndipo wina akafuna mandasi a pamsewu, wotumidwa anali iwo.

Chowawa n'chakuti ntchito ya m'chipatala ankaidziwa. Mayi akamalowa atagwira m'chiuno, iwo ankaona mayendedwe okha n'kudziwa kuti uyu sachedwa. Anamwino atsopano ochokera kukoleji ankabwera kudzawanong'oneza kuti, "Amayi, magulovu amakhala pati?" Koma mwezi ukatha, wofunsa uja ndiye ankaseka, wofunsidwa n'kumawerengera ngongole ya pagolosale.

Akadandaula, akuluakulu kumudzi ankawauza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Anadekhadi, mpaka mwana wawo woyamba anafika kusekondale, nkhono osatulutsa maso.

Zinthu zinatembenuka tsiku limene anagogoda paofesi ya mkulu wa anamwino. Sanapite kukalira ayi. Anafunsa mosapita m'mbali: "Sisitala, kuti ndidzavale zoyera ngati inu, chofunika n'chiyani?" Mayi uja anawauza kuti abweretse setifiketi yawo ya MSCE. Ataiona anapukusa mutu. Pamayeso a MANEB, 1 ndi 2 ndiye kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, pomwe 7 ndi 8 n'kungodutsa. Pepala la achemwali linali lodzaza ndi 7 ndi 8, chikhalirecho makoleji a unamwino amafuna makirediti pa Chingerezi, Masamu ndi maphunziro a sayansi. Zaka zonse zokolopa zija sizikanasintha nambala ngakhale imodzi papepalapo.

Basi, analembetsa sukulu ya masana, ija timati open. Akaweruka kuntchito ankakwera kabaza, mabuku ali m'jumbo, kukakhala padesiki limodzi ndi ana a msinkhu wa mwana wawo. Anawo poyamba ankaseka, kenako anayamba kuwabwereka makope, chifukwa anti ankalemba chilichonse chotuluka m'kamwa mwa mphunzitsi. Fizi inkachokera kubanki m'khonde ndi soya yemwe alamu ankakagulitsa pamsika wa Mitundu. Za alamu ndinenepo pang'ono, pakuti anapirira. Madzulo ankaphika okha nsima kuti akazi awo awerenge Biology, ndipo pamudzi panamveka kuti bamboyu anadyetsedwa kondaine. Iwo ankangoseka n'kumavundula nsima yawo.

Zotsatira zitatuluka, nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Analembera ku Nkhoma, kukoleji ya unamwino ndi uzamba, ndipo anawatenga. Kuchokera ku Nathenje si kutali: umatsika pa Kamphata n'kulowera kuphiri, komwe amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anakhazikika mu 1896. Anakhala kumeneko zaka zitatu za dipuloma. Pa maphunziro a m'kalasi ankatuluka thukuta, koma ikafika nthawi yopita m'mawodi, atsikana anzawo ankakanganirana kukhala gulu limodzi ndi iwo. Magazi sankawaopsa, fungo silinkawabweza, ndipo ankadziwa kulankhula ndi gogo wokana jakisoni mpaka gogoyo kutembenuka yekha. Pomaliza analemba mayeso a bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe limapereka chilolezo chogwirira ntchitoyi, n'kukhoza.

Tsiku loyamba kuvala zoyera tinachita kubwereka galimoto. Mayi athu anavina pabwalo mpaka chitenje kumasuka. Amene ankanena za kondaine ndi amene anayamba kufika ndi mabuku awo a kuchipatala, ati angowaonerako zimene adokotala analemba.

Anawatumiza kudera la Mitundu, ndipo apa ndi pamene ndinawagomera kwenikweni. Wina akanati ndafika, n'kukhala pansi. Iwo anapitiriza khalidwe lomwe lija logogoda pazitseko. Malipoti a pamwezi, amene aliyense ankawathawa, iwo anawapempha. Anaphunzira kuwalemba pakompyuta, chala chimodzichimodzi. Kukamveka maphunziro a masiku ochepa ku Lilongwe, ankafunsa poyera kuti dzina lawo lilipo kapena ayi, ndipo ngati palibe, chifukwa chake n'chiyani. Ena ankati mayiyu ngwodzionetsera. Kwa ine, kudzionetsera kotereku n'kwabwino, chifukwa bwana ali ndi anthu ambiri oti awakumbukire, ndipo wokhala chete pakona amaiwalika ngakhale atagwira ntchito chotani. Pamene pankafunika woyang'anira chipinda cha amayi oyembekezera, panalibe kukangana. Anawapatsa iwo.

Kunyumba denga laudzu linachoka, pali malata. Ngongole ya pagolosale inatha, ndipo mwini golosale tsopano amawapatsa moni woyambira patali. Alamu ali ndi njinga yamoto, ndipo akamawatenga kuntchito amaliza hutala mosafunikira, kuti aliyense aone.

Okolopa a muwodi yawo amawaitana ndi mayina awo, ndipo sawatuma mandasi. Koma mtendere alibe, chifukwa nyengo yolembetsa mayeso ikafika achemwali amawayendera mmodzimmodzi kuwafunsa kuti setifiketi yawo ili ndi manambala anji. Achemwali eni ake maso ali ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe inayamba mu 2021 ataphatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Akufuna digiri, ndipo alamu auzidwa kale kuti chaka chino awonjezere munda wa soya.