Kalata imodzi idandimanitsa malipiro a miyezi inayi

Ndidagwira ntchito ya ulonda kwa zaka 7 pakampani ina ku Limbe. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atasefukiritsa Ruo ndi Shire, ndidalandira foni yoti nyumba ya mayi anga ku Makhanga, kwa T/A Mlolo m'boma la Nsanje, yapita ndi madzi. Mayi adali kumsasa, ana a malemu mchemwali wanga ali nawo.

Ndidapempha tchuthi koma adangondipatsa masiku atatu. Aliyense wodziwa msewu wa Thabwa kukafika ku Fatima nyengo ya mvula akudziwa kuti masiku atatu amathera panjira. Mtima udandipsa. Usiku womwewo ndidalemba kalata yosiya ntchito, m'mawa n'kukwera minibasi.

Cholakwa choyamba chidaonekera pamalipiro omaliza. Lamulo la ntchito la 2000 limati wolandira pamwezi azichenjeza bwana mwezi wathunthu asadachoke. Ine sindidatero, choncho adandidula ndalama za mwezi umodzi.

Chachiwiri chidandipeza ndikumanga chisakasa. Patatha miyezi inayi, kampani ija idachepetsa antchito ndipo anzanga adalandira ndalama za chipepeso zotchedwa severance allowance. Ndidawoloka Shire pabwato kupita ku Bangula, kenaka ku ofesi ya zantchito paboma, ndili ndi chiyembekezo choti nanenso ndili ndi gawo langa.

Mkulu amene ndidamupeza adandiwerengera modekha. Zaka zisanu zoyamba munthu amalandira malipiro a sabata ziwiri pachaka chilichonse, kuyambira chaka cha 6 mpaka cha 10 ndi sabata zitatu. Zaka zanga 7 zikadandipatsa sabata 16, pafupifupi miyezi inayi. Koma ndalamazi n'za wochotsedwa chifukwa ntchito yachepa kapena wochotsedwa mopanda chilungamo. Wotsanzika yekha sapatsidwa.

"Bambo, mukadabwera kuno musadalembe kalatayi," adatero. Adandiuzanso kuti ngati bwana wafika pokuzunza mpaka ntchito yosagwirika, lamulo limatha kuona kuchokako ngati kuchotsedwa, koma pamafunika umboni ku khoti la zantchito. Ine ndidalibe umboni uliwonse, ngakhale pempho langa la tchuthi lidali lapakamwa.

Chomwe sichidatayike ndi penshoni. Ija ya 5 peresenti yomwe ankandidula, kuphatikiza 10 peresenti ya bwana, imakhalabe m'dzina la wantchito ngakhale asiye yekha. Koma siituluka tsiku lomwelo, pamakhala miyezi yodikira ndi mapepala oyendera, pomwe kunyumba ana akufuna phala lero.

Kumudzi ndidayesa kulembetsa Mtukula Pakhomo. A komiti adandikumbutsa kuti thandizolo n'la mabanja osaukitsitsa omwe alibe munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ndidangoti zii, poti wamphamvuyo pakhomo pa mayi tsopano ndidali ine.

Lero ndimalima mpunga pamunda wobwereka ku Muona ndipo nyumba ya mayi idatha. Sindidandaula kuti ndidabwera, pakuti mayi sakadagona kumsasa ine ndikulondera geti la eni. Chimandiwawa n'choti ndidachoka osafunsa, ndipo safunsa adadya phula.

Abale anga a ku East Bank amene muli m'tauni, madzi adzabweranso. Foni ikadzalira, pemphani tchuthi polemba kalata, ngakhale chosalipidwa, ndipo sungani kope lake. Akakana, kafikeni kaye ku ofesi ya zantchito musadagwire cholembera.