Ozymandias ku Thyolo: Ufumu Umatha, Nanga Zipsera Zake?

Mu 1818, mlakatuli wa ku England, Percy Bysshe Shelley, adatulutsa ndakatulo ya mizere 14 yotchedwa Ozymandias, dzina limene Agiriki ankatchulira Farao Ramesses II, yemwe adalamulira Iguputo zaka zoposa 60. Imakamba za wapaulendo amene adapeza chifanizo cha mfumuyo chitagumuka m'chipululu, miyendo yokha ili chilili, mutu uli gone mumchenga, mawu odzitama akadali pamwala. Ambiri amangotolapo phunziro loti ufumu umatha. Nzoona, koma muli china chozama. Kunyada ndi nkhanza za mfumuyo tikuzidziwa chifukwa mmisiri wosema adaziona pankhope pake nkuzisiya pamwalapo. Mfumu idalamula chitamando, koma chimene chidapulumuka ndi umboni wa wantchito wake.

Mbiri ya minda ya tiyi ku Thyolo idayenda momwemo. Kuyambira mu 1892, Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda pa nthawiyo, adayamba kupereka kwa azungu zikalata za umwini wa malo, ndipo British Central Africa Company idadzakhala ndi chigawo chachikulu cha bomali. Okhala pamalowo, ambiri mwa iwo Alomwe ochokera ku Mozambique, ankalipira lendi ndi thukuta lawo pa thangata, kapitawo ali pambuyo. Eni minda ankayesa kuti zidzakhala choncho mpaka muyaya. Koma mu Ogasiti 1953 anthu a ku Thyolo adawukira, mu 1962 thangata adathetsedwa, ndipo mu 1964 mbendera ya atsamunda idatsika. Mayina a mabwana ambiri aja adaiwalika, koma zowawa za thangata agogo akuzifotokozerabe zidzukulu.

Wina akhoza kutsutsa kuti ku Thyolo kulibe chipululu. Tiyi ali biriwiri, maesiteti monga Satemwa, yomwe idayamba mu 1923, akulembabe anthu ntchito ndi kubweretsa ndalama zakunja, pamene m'midzi yoyandikana nawo mabanja akupanikizana pa timinda tosakwanira, ena mpaka kukalima m'mapiri. Ndiye mphamvu zidatha pati? Mfundoyi njomveka, koma siigwetsa ndakatuloyo. Shelley sakunena kuti wolamulira akagwa zinthu zimabwerera mwakale. Pozungulira chifanizo chija palibe mudzi kapena munda, kusonyeza kuti anthu a mfumuyo adapita nayo limodzi. Chimene chimafa msanga ndi ulemerero. Zotsatira za zimene wolamulira adachita zimakhalitsa, ndipo amazisenza ndi anthu amene sadafunsidwe nkomwe.

Thyolo yemweyo ali ndi chitsanzo cha posachedwa. Bingu wa Mutharika, amene ankatchedwa Ngwazi, adamwalira ali pampando wa upulezidenti mu Epulo 2012 ndipo adaikidwa ku Mpumulo wa Bata, pamunda wake wa Ndata. Pasanathe masabata, ambiri omwe ankamuombera m'manja anali atalowa chipani cha Joyce Banda, yemwe adalowa m'malo mwake. Paja akuluakulu adati ukakwera pamsana pa njovu usamati pansi palibe mame. Lero anthu samuyeza ndi kukongola kwa manda ake. Ena amakumbukira feteleza wotsika mtengo ndi yunivesite ya MUST yomwe idatsegulidwa ku Ndata mu 2014, ena amakumbukira omwe adaphedwa pa zionetsero za mu Julayi 2011. Mlandu wa wolamulira amauweruza ndi olamulidwa, ndipo ku Thyolo mlandu wa malo sunathe. Aliyense wokhala pampando lero adziwe kuti wothyola tiyi ndi mlimi wopanda munda ndiwo adzafotokoze mbiri yake.