Mutu 6: Mwana alembere anthu

Aphunzitsi ambiri timaganiza kuti mwana amaphunzira kulemba polemba chimangirizo chimene adzawerenge ndife tokha. Apa m'pamene timaphonya. Chimangirizo chotere chili ngati ukonde woponyedwa pamchenga, kapena ng'oma yoimbira m'nyumba yotseka. Kope likabwerera lili psuu ndi inki yofiira, mwana amangoyang'ana malikisi, n'kulitseka.

Pali zinthu zoti tichite. Choyamba, timupezere owerenga. Mu 1924 mphunzitsi wa ku France, Célestin Freinet, analowetsa makina osindikizira m'kalasi mwake ku Bar-sur-Loup, ana n'kumasindikiza nkhani zawo ndi kuzitumiza ku sukulu ina yakutali. Kuno ku Mecanhelas tisadikire makina. Khoma lilipo. Akuluakulu akukumbukira jornal do povo, nyuzi zapakhoma zija zimene zinafala dziko litalandira ufulu mu 1975.

Nkhani nazo sizisowa. Sitima zamalasha zimadutsa pa Entre Lagos kulowera ku Nacala. Nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo agogo amene anayenda pamatope ake alipobe. Mwana wa msodzi wa ku Chiuta amadziwa za mlamba zimene inu ndi ine sitizidziwa.

Ndinaonapo mtsikana atamata pepala lake lonena za kuyanika matemba. Pa nthawi yopuma anyamata anaunjikana, wina akulondola mizere ndi chala. Mmodzi anakuwa kuti, “Wanama, sayanika choncho kukagwa mvula!” Mtsikana uja sanalire. Madzulo anakafunsa amayi ake, m'mawa n'kubwera ndi pepala lina, lolembedwa bwino kuposa loyamba. Palibe anamutuma. Cholembera changa chofiira sichinachitepo zimenezi.

Koma chimene chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi ena amamata ntchito ya ana anzeru okhaokha. Mukatero mwapha zonse, chifukwa wapambuyo uja amadziwa kuti khomalo si lake. Enanso amakonza chiganizo chilichonse mpaka mawu a mwana atasanduka a aphunzitsi. Konzani zolakwa ziwiri zitatu, zotsalazo anzake amuuza. Ndipo musamuletse kuyamba m'Chinyanja kapena m'Chimakhuwa. Maphunziro a zilankhulo ziwiri analowa m'sukulu za boma kuyambira 2003, nanga ife tichitirenji manyazi? Alembe kaye m'chilankhulo chimene amaganizira, Chipwitikizi chibwere pambali pake. Za zomatira, phala la ufa wa chinangwa limagwira, koma limaitana nyerere ndi mphemvu, choncho ndi bwino kumanga chingwe pakhonde n'kupanikiza mapepala ndi timitengo tong'alula.

Sinthani mapepala sabata iliyonse. Miseche ndi mayina a anthu a m'mudzi zisafike pakhoma.

Mphunzitsi mnzanga, Lolemba likubwerali funsani ana anu zimene anaona pobwera kusukulu, muwapatse pepala limodzilimodzi, ndipo pofika Lachisanu onse akhale atapachika.