Botolo loboola pa tebulo la namwino

Ntchito ya ife anamwino anthu amaiona ngati yobaya jakisoni ndi kugawa mapiritsi basi. Koma pa matenda a m'mapapo okhalitsa, monga mphumu, mbali yaikulu ya ntchito yanga ndi kuphunzitsa. Matendawa sachiritsika ngati mmene amachiritsikira malungo. Munthu amakhala nawo zaka zambiri, ndipo masiku ambiri a zakazo amakhala ali kumudzi, kutali ndi ine.

Kuno ku Sharpevale, m'chigwa cha Bwanje, zoputa chifuwa n'zosasowa: utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, fumbi la m'chilimwe, moto wa tchire, uvuni wa makala, fodya wa chingambwe. M'Malawi muno mabanja oposa 9 mwa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala, ndiye amayi ndi ana ndiwo amaumeza kwambiri utsiwo. Palinso amene anachira chifuwa chachikulu koma mapapo anatsala ndi zipsera, komanso madala amene anagwira ntchito m'migodi ya ku Joni. N'chifukwa chake wotsokomola masabata awiri timayamba tamuyeza makhololo, kuopa kuitcha mphumu pomwe ili TB.

Tikapeza kuti ndi mphumu, mpamene nkhani imakula. Mankhwala opopera m'kamwa alipo a mitundu iwiri. Wabuluu, salbutamol, amatsegula njira za mpweya befu likangoyamba. Wabulauni, beclometasone, amaphwetsa kutupa kwa m'njirazo pang'onopang'ono, ndipo amafuna tsiku ndi tsiku ngakhale munthu akupeza bwino. Ambiri amakonda wabuluu poti amamva kusintha pompopompo, wabulauni n'kumusiya m'thumba la jekete. Ndikamva kuti wina akupopera wabuluu pafupifupi tsiku lililonse, ndimadziwa kuti matenda sanagonje.

Ndiye pali mphekesera ija yakuti ukayamba kupopera sudzasiyanso, kapena kuti mankhwalawa ndi a munthu amene watsala madzi amodzi. "Adokotala, ingondipatsani mapiritsi," amatero agogo ena. Sindiwaseka. Ndimawauza kuti piritsi limayenda thupi lonse, n'chifukwa chake limanjenjemeretsa manja ndi kuthamangitsa mtima, pomwe wopopera amalunjika pamene pali vuto.

Koma amalunjika pokhapokha munthu akadziwa kapoperedwe. Ambiri amapopera mochedwa kapena mofulumira, mankhwala n'kuthera pa lilime. Apa mpamene botolo la pulasitiki la theka la lita limagwira ntchito. Timaliboola kunsi bowo loti pakamwa pa mpope wa mankhwalawo pakwane thinathina. Wodwala amakhutchumula mpopewo, n'kuulowetsa pabowopo, n'kuvumata kukamwa kwa botolo. Amadina kamodzi kokha, kenaka amapuma mofatsa kanayi kapena kasanu m'botolo momwemo. Akafuna kupopera kachiwiri, amayambiranso. Akatha wabulauni achukuche m'kamwa ndi madzi kuti musatuluke zilonda zoyera. Botolo likada, alitsuke ndi sopo n'kulisiya liume lokha osalipukuta. Izi si zongopeka za kumudzi ayi: madokotala a ku Cape Town, motsogozedwa ndi Heather Zar, anaonetsa mu 1999 kuti botolo lotere limathandiza ana mofanana ndi chida chogula.

Ndikamaliza kufotokoza sindifunsa kuti "mwamva?" Ife Amalawi timavomera mwaulemu ngakhale tisanamve. Ndimangopereka botolo n'kunena kuti, "Amayi, tandionetsani mmene mukachitire kunyumba." Zolakwika zimaonekera pomwepo, ndipo timakonzera limodzi.

Kuti maphunziro otere amapindula zinaoneka pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pa kafukufuku amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, ana a mphumu amene anaunikidwa bwino ndi kuphunzitsidwa pamodzi ndi makolo awo anayamba kupeza bwino ndipo anachepetsa kujomba kusukulu. Ophunzitsawo sanali madokotala n'komwe.

Chomaliza chomwe ndimalemba m'kabuku ka kuchipatala, n'kuuzanso wachibale amene wabwera ndi wodwalayo, ndi zizindikiro zoopsa. Munthu akamalephera kumaliza mawu chifukwa cha befu, milomo ikasintha mtundu, kapena wabuluu akapanda kuthandiza, asadikire kuti kuche. Apitirize kupopera m'njira momwemo pobwera kuno, chifukwa tikaona kuti zatikulira, ulendo wa ku chipatala cha boma ku Ntcheu ukadalipo.