Malambe a mu Leeds, mtengo wa pa Zalewa

Tikalowa m'masitolo a Holland & Barrett mu Leeds, Manchester kapena Sheffield, timapeza ufa wa malambe uli m'timapaketi tokongola, kapaketi kamodzi mapaundi angapo. Ambiri a ife timangoseka, poti malambe omwewa tinkatola ulere tili ana ku Neno, Mangochi ndi Salima. Koma kwa mayi amene amawatola m'tchire n'kugulitsa thumba lonse pa mtengo wolira, nkhaniyi ndi yosaseketsa.

Ufa wa malambe udaloledwa kugulitsidwa ngati chakudya m'maiko a EU mu 2008, bungwe la PhytoTrade Africa litapempha. Msika udakula, koma wotola kumudzi kawirikawiri sadziwa mtengo wa ku Limbe, ngakhale wa pa Zalewa pomwepa. Venda akafika ndi lole, ndiye amatchula mtengo, ndipo mayi wosowa fizi ya mwana sangakane. Mitengo yogulira imene boma limalengeza chaka ndi chaka ndi ya mbewu zakumunda monga chimanga, soya ndi mtedza. Wotola malambe, bowa kapena masuku amangoyendera mphekesera.

Kudziwa mtengo kumathandizadi. Mu 2007, katswiri wa zachuma Robert Jensen adalemba za asodzi a ku Kerala, m'dziko la India. Atayamba kugwiritsa ntchito mafoni a m'manja, asodziwo ankafunsa mitengo ya m'madoko osiyanasiyana akadali panyanja, ndipo phindu lawo lidakwera ndi 8 pa 100 iliyonse. Ku India komweko, mu 2013 boma lidavomereza zokhazikitsa mitengo yoyambira ya zinthu zam'nkhalango, kuphatikizapo uchi ndi bwemba, pofuna kuteteza mafuko okhala m'nkhalango kwa mavenda.

Komabe tisanamize abale. Mtengo wa mu Leeds si wa kumudzi, chifukwa pakati pake pali kusenda, kupera, kupima ukhondo, mayendedwe ndi lendi ya sitolo. Ndiponso kudziwa kokha sikokwanira ngati wogula ndi mmodzi ndipo ndalama ikufunika lero. Apa malambe ali ndi mwayi woposa bowa ndi masuku: akasungidwa pouma m'zikamba zake, amakhala miyezi osaonongeka, choncho mwini wake atha kudikira.

Nanga ife tingachitepo chiyani? Tili ndi abale ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Tisanatumize ndalama, tiwapemphe afunse mtengo wa thumba kumsika, ife tiuze a kumudzi pa foni kapena pa WhatsApp. Tiwalimbikitse kugulitsa pagulu ndi kuyeza pa sikelo, osati pa ndowa ya venda. Ndalama yochepa yotumizidwa m'nyengo yotola ingawathandize kusagulitsa mothamanga. Ophunzira athu a zamalonda m'mayunivesite a kuno, nayi nkhani yoyenera kafukufuku wanu.

Akulu adati safunsa adadya phula. Tiyeni tiwafunsire.